Kodi open source ingakufikitseni kukhoti?

Funso: Ine ndi anzanga tikupanga kachipangizo kamene tikufuna kuyamba kugulitsa, ndipo mkati mwake tayikamo Linux ndi mapulogalamu ena a open source. Mnzanga wina akuti tisamale chifukwa makampani akuluakulu a mapulogalamu akhala akukokerana kukhoti ndi anthu a open source kwa zaka zambiri. Kodi amalimbirana chiyani, poti zinthuzi zimaperekedwa ulere? Nanga ifeyo tili pachiopsezo?

Yankho: Mnzanuyo akunena zoona kuti milandu ilipo, ndipo umodzi mwa iyo unatenga zaka 18 kuti uthe. Pamene ndikusiyana naye ndi pa komwe ngozi ingachokere. Milandu yotchuka ija, yomwe makampani ankafuna kugwetsa Linux kapena kulipiritsa anthu oyigwiritsa ntchito, yambiri inathera pachabe. Imene yakhala ikupambana mobwerezabwereza ndi ya mbali inayo, pamene olemba mapulogalamu a open source asumira kampani yomwe yatenga ntchito yawo koma osatsata zomwe laisensi ikunena. Inu amene mukufuna kugulitsa chipangizo chokhala ndi Linux mkati muli pafupi ndi mtundu wachiwiriwu.

Pulogalamu ya open source ili ndi mwini wake. Munthu akangolemba code, lamulo la copyright limamupatsa umwini nthawi yomweyo, m'mayiko ambiri popanda kukalembetsa kulikonse, ndipo wina saloledwa kukopera, kusintha kapena kugawa popanda chilolezo. Laisensi ya open source ndiyo chilolezocho, cholembedwa kamodzi kuti chikhale cha aliyense. Malaisensi ena monga MIT, BSD ndi Apache 2.0 sapempha zambiri: makamaka musafufute dzina la mwini ndi mawu a laisensiyo, kwinako mukhoza ngakhale kuyika code m'pulogalamu yotseka n'kumagulitsa. GPL njosiyana. Richard Stallman anatulutsa yoyamba mu 1989, yachiwiri mu 1991, yachitatu mu 2007, ndipo phata lake silinasinthe: mukapereka pulogalamuyo kwa wina, kaya mwagulitsa kaya mwangopatsa, mumupatsenso source code, yomwe ndi code yowerengeka imene pulogalamuyo imamangidwa kuchokera pa iyo, pamodzi ndi zonse zomwe mwasintha, pansi pa laisensi yomweyo. Linux kernel, yomwe ndi mtima wa Linux woyendetsa makina, ili pansi pa GPL yachiwiri. Tsono taganizirani kampani yomwe chuma chake chonse chagona pa kubisa source code. Ikaona pulogalamu yofanana ndi yake ikugawidwa ulere, imafunsa ngati wina sanabe zake. Ikaona kuti pulogalamu yaulereyo njabwino, imalakalaka kuyitenga koma osaulula zake. Mikangano yonse yatuluka m'zinthu ziwirizi.

Mlandu woyamba waukulu unabwera Linux isanadziwike n'komwe. Mu 1992 Unix System Laboratories, nthambi ya AT&T, inasumira kampani ya Berkeley Software Design, kenako n'kuphatikizamo University of California, ponena kuti BSD, mtundu wa Unix (pulogalamu yakale yoyendetsa makompyuta) womwe unkachokera ku Berkeley, unali ndi code komanso zinsinsi za AT&T. Yunivesite nayo inabweza mlandu, kuti AT&T inatenga code ya ku Berkeley osatchula eni ake. Anagwirizana mu 1994, Novell itagula nthambi ija. Mwa mafailo pafupifupi 18,000, atatu okha ndi amene anachotsedwa. Komatu zaka ziwiri zimenezo anthu ankaopa kukhudza BSD, ndipo ambiri odziwa mbiriyi amati mpata umenewu unathandiza Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba mu 1991, kuti ikule msanga.

Umene mnzanuyo ayenera kuti akuukumbukira ndi wa SCO, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa unasintha zinthu zambiri. SCO Group inali kampani ya ku Utah, m'dziko la America, yomwe kale inkatchedwa Caldera ndipo iyo yomwe inkagulitsa Linux. Mu Marichi 2003 inasumira IBM kufuna madola 1 biliyoni, ndalama zomwe pambuyo pake inazikweza kufika pa 5 biliyoni. Inkati IBM inatenga luso la Unix lomwe inalandira pansi pa mgwirizano n'kulithira mu Linux. Sinalekere pomwepo. Inalembera makalata makampani akuluakulu pafupifupi 1,500 kuwachenjeza kuti Linux yomwe akugwiritsa ntchito ikhoza kuwaika m'mavuto, inayamba kugulitsa laisensi ya madola 699 pa seva ya processor imodzi, ndipo mu 2004 inasumira AutoZone ndi DaimlerChrysler, makampani omwe sanali ogulitsa mapulogalamu n'komwe. Mkulu wake, Darl McBride, anafika polemba kalata yapoyera yonena kuti GPL ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko la America. Mu 2003 Microsoft ndi Sun Microsystems anagula malaisensi a Unix kwa SCO, ndipo ndalamazo zinalowa panthawi yomwe kampaniyo inkafunika kulipira maloya.

Vuto la SCO linali umboni. Pamaso pa atolankhani inkanena za mizere yambirimbiri ya code yokoperedwa, koma khoti litafunsa kuti failo iti, mzere uti, mayankho anali osowa. Mu 2005 woweruza Dale Kimball analemba poyera kudabwa kwake kuti kampaniyo sinabweretse umboni wogwirika, ndipo mu 2006 mfundo zake zambiri zinatayidwa chifukwa chosatchula mwatchutchutchu zomwe akuti zinabedwa. Chomwe chinaithyola msana, komabe, chinachokera kwina. Novell inaimirira n'kunena kuti pamene inkagulitsa mu 1995 malonda a Unix, omwe pambuyo pake anafika m'manja mwa SCO, copyright sinali nawo m'gulu la zogulitsidwa. SCO inasumira Novell, ndipo mu Ogasiti 2007 Kimball anagamula kuti mwini copyright ya Unix ndi Novell. Mwezi wotsatira SCO inapita kukhoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole. Khoti la apilo linalamula kuti nkhani ya umwiniyo iweruzidwenso ndi jury, gulu la anthu wamba losankhidwa kugamula mlandu, ndipo mu 2010 jury inanena zomwezo. Ndiye kuti kwa zaka zonsezo kampaniyo inkalipiritsa anthu pa chinthu chomwe sichinali chake. Zotsalira za mlandu wa IBM zinakokeka mpaka 2021, pamene IBM inapereka madola 14.25 miliyoni kwa woyang'anira katundu wa kampani yogwayo kuti nkhani ithe.

Chimene ine ndimaona kuti n'chofunika pa SCO si chigamulo chokha ayi. Anthu a open source anaphunzira kusunga mbiri ya code yawo. Mu 2004 Linux kernel inayamba kugwiritsa ntchito Developer Certificate of Origin: aliyense wopereka code amasayina ndi mzere wa Signed-off-by, kutsimikiza kuti ali ndi ufulu woipereka. Nayenso Pamela Jones, yemwe anali wothandizira maloya, anatsegula Groklaw mu 2003, komwe anthu odzipereka ankawerenga chikalata chilichonse cha khoti n'kufukula umboni wakale wa Unix. Code yomwe ili poyera aliyense akhoza kuyifufuza, ndipo zimenezi zinateteza Linux kuposa momwe zinayiikira pangozi.

Copyright itakanika, chida china chinali patent, ndipo apa pamafunika kusiyanitsa bwino. Copyright imateteza zomwe mwalemba, mizere yeniyeniyo. Patent imateteza njira yochitira chinthu kwa zaka 20, ndipo mukhoza kuiphwanya ngakhale code yonse mwalemba nokha, musanaonepo ya wina. Mu 2007 Microsoft inanena kuti mapulogalamu a open source akuphwanya ma patent ake 235, koma sinawatchule poyera mmodzimmodzi. Munthu sungadziteteze kapena kukonza code yako pa mlandu womwe sunauzidwe. Mu 2009 inasumira TomTom, kampani ya ku Netherlands yopanga zida zolozera njira, ndipo ena mwa ma patent anali a FAT, njira yosungira mafailo yomwe Linux imathanso kuwerenga. Pasanathe miyezi iwiri anagwirizana, TomTom n'kulipira. Zaka zotsatira opanga mafoni a Android ambiri, kuphatikizapo HTC ndi Samsung, anasayina mapangano olipira Microsoft. Zambiri mwa izi sizinafike pachigamulo, chifukwa kulipira kunali kotchipa kusiyana ndi kuyesa mwayi m'khoti.

Yankho la mbali ya Linux linali Open Invention Network, yomwe makampani monga IBM, Red Hat, Novell, Philips ndi Sony anakhazikitsa mu 2005. Olowamo amalonjezana kuti sadzasumirana pa ma patent okhudza Linux ndi mapulogalamu oyenda nayo. Mu 2018 Microsoft nayo inalowa, n'kubweretsa ma patent pafupifupi 60,000, chaka chomwe inagulanso GitHub, tsamba la pa intaneti losungirapo code. Sindikayika kuti kusinthaku n'kwenikweni, koma kunabwera chifukwa malonda anasintha: makasitomala ambiri a Azure, maseva omwe Microsoft imabwereketsa pa intaneti, amayendetsa Linux, ndipo kampani siopseza anthu omwe akuilipira mwezi ndi mwezi. Otsala oopsa ndi makampani omwe sapanga kanthu, ntchito yawo kugula ma patent n'kumasumira anthu. Mu 2019 Rothschild Patent Imaging inasumira GNOME Foundation pa Shotwell, pulogalamu yosanjira zithunzi. GNOME inakana kulipira, anthu anasonkha ndalama za mlandu, ndipo mgwirizano wa mu 2020 unateteza osati GNOME yokha komanso mapulogalamu ena onse omwe ali pansi pa malaisensi ovomerezeka ndi Open Source Initiative.

Mlandu wa Oracle ndi Google ndi wa zimphona ziwiri, koma unkakhudza wolemba mapulogalamu aliyense. Oracle inagula Sun Microsystems, eni Java, kumayambiriro kwa 2010, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho inasumira Google pa Android. Google inali italemba yokha code yogwira ntchito, koma inakopera mizere pafupifupi 11,500 yotchula mayina ndi kasanjidwe ka ma API 37 a Java, kuti amene amadziwa kale Java asavutike. API ili ngati soketi ya magetsi pakhoma: aliyense akhoza kupanga chipangizo chake, bola pulagi ilowe. Kukanakhala kuti mwini soketi akhoza kuletsa ena kupanga pulagi yolowamo, mapulogalamu ambiri a open source akanakhala pamlandu, chifukwa Linux yomwe imatsanzira momwe mapulogalamu amalankhulirana ndi Unix, ndipo mapulogalamu a Wine ndi Samba nawo amatsanzira Windows mwanjira yomweyo. Woweruza William Alsup anati mu 2012 API ilibe copyright. Khoti la apilo linatembenuza mu 2014. Jury ya mu 2016 inati Google inagwiritsa ntchito mololedwa, zomwe lamulo la ku America limatcha fair use, apilo n'kutembenuzanso mu 2018, Oracle ikufuna madola pafupifupi 9 biliyoni. Pa 5 Epulo 2021 khoti lalikulu la Supreme Court, oweruza 6 kwa 2, linagamula mokomera Google. Dziwani kuti silinanene kuti API ilibe copyright. Linangoti ngakhale itakhala nayo, zomwe Google inachita n'zololedwa. Ku Ulaya khoti la European Union linali litanena kale mu 2012, pa mlandu wa SAS Institute ndi World Programming, kuti ntchito yomwe pulogalamu imagwira komanso chilankhulo cholembera code sizitetezedwa ndi copyright.

Tsopano tibwere kumbali yomwe ikukukhudzani. Kwa zaka zambiri makampani ankati GPL sinayesedwepo m'khoti, choncho mwina ndi pepala chabe. Amene anayamba kuthetsa maganizowa ndi Harald Welte wa ku Germany, mmodzi mwa olemba netfilter, gawo la Linux loyang'anira zolowa ndi zotuluka pa netiweki. Mu 2004 khoti la ku Munich linaletsa Sitecom kugawa router yomwe inali ndi code ya netfilter popanda kutsata GPL, ndipo mu 2006 khoti la ku Frankfurt linagamula motsutsana ndi D-Link. Kampani yomwe imayesa kunena kuti GPL ilibe mphamvu imadzikola yokha. Laisensiyo ndi chilolezo chokhacho chomwe ili nacho. Ikaikana, imatsala ndi code ya mwini wake m'manja popanda chilolezo chilichonse, komwe ndi kuphwanya copyright kosachita kufunsa.

Ku America chigamulo chofunika chinachokera ku nkhani ya sitima zoseweretsa. Robert Jacobsen ankatsogolera JMRI, pulogalamu yoyendetsera tisitima timeneti, ndipo kampani ya Matthew Katzer inatenga mafailo ake n'kuchotsa mayina a eni ake. Khoti loyamba linati uku n'kuphwanya mgwirizano chabe. Kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa pa mgwirizano khoti limafunsa kuti mwaluza ndalama zingati, ndipo pa chinthu choperekedwa ulere yankho limakhala pafupifupi palibe. Mu Ogasiti 2008 khoti la apilo la Federal Circuit linati ayi, zofunika za mu laisensi ndi malire a chilolezo, wozidumpha waphwanya copyright ndipo akhoza kuletsedwa kugawa katundu wake. Nkhaniyi inatha mu 2010 Katzer atavomera kulipira madola 100,000.

BusyBox, pulogalamu imodzi yokhala ndi malamulo ang'onoang'ono ambiri oyendetsera Linux, ndikukhulupirira ilimo m'chipangizo chanu, chifukwa imapezeka m'zida zing'onozing'ono zambiri zoyendera Linux. Ena mwa olemba ake, Erik Andersen ndi Rob Landley, mothandizidwa ndi Software Freedom Law Center, anasumira Monsoon Multimedia mu 2007, mlandu womwe ambiri amautchula ngati woyamba wa kuphwanya GPL m'makhoti a ku America. Mu Disembala 2009 makampani 14 anasumiridwa tsiku limodzi, mwa iwo Best Buy, Samsung ndi Westinghouse Digital Electronics. Ambiri anagwirizana kunja kwa khoti. Westinghouse inasiya kuyankha mlandu, ndipo mu 2010 khoti linailamula kulipira madola 90,000 ndi kusiya kugawa ma TV okhala ndi BusyBox. Free Software Foundation nayo inasumira Cisco mu 2008 pa zida za Linksys, nthambi yake panthawiyo, ndipo pogwirizana mu 2009 Cisco inavomera kuika munthu woyang'anira kuti malaisensi akutsatidwa. Linksys yomweyi ili ndi nkhani yomwe ndimakonda kuuza ochita malonda amene akuopa kutulutsa code. Source code ya router ya WRT54G itatulutsidwa mu 2003 anthu atakakamiza, panabadwa OpenWrt, Linux yaulere yoyendetsa ma router, ndipo router imeneyo inagulidwa kwa zaka zambiri ndi anthu omwe ankaifuna chifukwa choti akhoza kuisintha.

Sikuti anthu a open source amapambana nthawi zonse. Mu 2015 Christoph Hellwig, wolemba Linux kernel, anasumira VMware ku Hamburg mothandizidwa ndi Software Freedom Conservancy. Ankati ESXi, pulogalamu ya VMware ya maseva, inalumikiza code yochokera mu Linux ndi kernel yotseka ya VMware mwanjira yoti ziwirizo zinasanduka chinthu chimodzi, choncho chonsecho chiyenera kukhala pansi pa GPL. Khoti linataya mlanduwo mu 2016, apilo n'kukanikanso mu 2019, chifukwa oweruza anati sanaonetse mokwanira kuti mizere iti ndi yakeyake. Funso lenileni, loti code yotseka iyandikire motani code ya GPL isanasanduke mbali yake, silinayankhidwe, ngakhale VMware inalengeza kuti ichotsa gawo lomwe linali pamkangano. Funsoli ndi limene limavutitsa maloya mpaka pano, ndipo ndibwererakonso pa za chipangizo chanu.

Palinso chilema cha m'nyumba momwemo chimene sindingachibise. Patrick McHardy, yemwe kale ankatsogolera netfilter, anadzudzulidwa ndi anzake chifukwa chothamangitsa makampani ku Germany mwanjira yomwe iwo ankaona kuti cholinga chake ndi ndalama, osati kuti code itulutsidwe. Gulu la netfilter linamuimitsa mu 2016, ndipo mgwirizano wa mu 2022 unati nkhani zosumira aziganizira limodzi monga gulu. GPL yachiwiri njowuma pa mfundo imodzi: mukangophwanya, chilolezo chanu chimatha pomwepo. GPL yachitatu inafewetsa, kuti wolakwa koyamba akakonza pasanathe masiku 30 atauzidwa, chilolezo chimabwerera. Mu 2017 olemba kernel ambiri analonjeza kutsata njira yofewayi, ndipo Red Hat, Google, Facebook ndi IBM anachita chimodzimodzi pa code yawo. Ndimagwirizana nawo kwathunthu. Laisensiyi inalembedwa kuti anthu alandire source code, ndipo kuisandutsa msampha wotolera ndalama kumathawitsa makampani omwe akanatha kukhala othandiza.

Milandu iwiri yaposachedwa ikuonetsa komwe zinthu zikulowera. Mu Okutobala 2021 Software Freedom Conservancy inasumira Vizio ku California, osati ngati mwini copyright koma ngati wogula TV, ponena kuti GPL inalembedwa kuti ipindulire wolandira pulogalamu, choncho wogula ali ndi ufulu wofuna source code. Vizio inayesa kusamutsira mlanduwo ku khoti la federal ponena kuti ndi nkhani ya copyright basi, koma mu 2022 woweruza anaubweza ku khoti la California. Njira imeneyi ikakhazikika, ndiye kuti okufunsani code sakhala olemba okha komanso makasitomala anu. Ku France, khoti la apilo la ku Paris linalamula Orange mu 2024 kuti ilipire kampani yaing'ono ya Entr'ouvert mayuro mazana angapo a masauzande chifukwa chogwiritsa ntchito pulogalamu ya Lasso mosatsata GPL, pa mlandu womwe unayamba mu 2011. Amene amaganiza kuti chilango chake n'kungotulutsa code mochedwa aganizenso.

Masiku ano mkangano wina ukuchokera kwa makampani omwe anayamba ali open source kenako n'kutseka chitseko. MongoDB inasintha laisensi mu 2018, Elastic mu 2021, HashiCorp mu 2023, Redis mu 2024, ambiri akudandaula kuti makampani a cloud akudyera pa ntchito yawo. Lamulo limawalola ngati copyright ili m'manja mwawo, koma zomwe anatulutsa kale pansi pa laisensi yakale sangazilande, n'chifukwa chake panabadwa OpenSearch, OpenTofu ndi Valkey, omwe anapitiriza code yakale ya Elastic, HashiCorp ndi Redis motsatana. Mu Epulo 2024 maloya a HashiCorp analembera OpenTofu kalata yoti yakopera code yatsopano, OpenTofu n'kukana ndi kuonetsa kuti code yomwe ankanenayo inachokera ku yakale yololedwa. Kwa inu tanthauzo lake n'lakuti laisensi yomwe munaona chaka chatha mwina si yomwe ili pa version ya lero. Za nzeru zopangidwa nazo zalowa: mu Novembala 2022 olemba mapulogalamu ena anasumira GitHub, Microsoft ndi OpenAI pa Copilot, chida chothandiza kulemba code, ponena kuti imatulutsa code ya open source popanda mayina a eni ndi malaisensi, ndipo woweruza anataya mfundo zambiri za mlanduwo n'kusiya zochepa.

Nanga inuyo mutani? Choyamba n'kudziwa zomwe zili m'chipangizo chanu, pulogalamu iliyonse, version yake ndi laisensi yake. Apa ndi pamene ambiri amagwa, osati chifukwa cha kuipa mtima. Kampani yaing'ono imagula board kwa wopanga chip, amene amapereka Linux yokonzedwa kale, bootloader (pulogalamu yodzutsa chipangizo) ndi ma driver (code yolankhula ndi zida), koma source code osapereka kapena kupereka yoperewera. Chipangizo chikatuluka chili ndi dzina lanu, wogawa pulogalamuyo ndinu, ndipo kunena kuti wokugulitsani sanakupatseni sikukuchotserani udindo. Mufunseni source code yonse musanalipire, ndipo mfundoyi ilembedwe m'mgwirizano wanu. Mukailandira, mupatseni munthu yemwe sali m'gulu lanu ayese kumanga pulogalamuyo kuchokera pa code imeneyo potsata malangizo omwe mwalemba. GPL yachiwiri imafuna code yonse yogwirizana ndi zomwe zili m'chipangizo, kuphatikizapo ma script omangira ndi oikira pulogalamuyo. Kuloza anthu ku kernel ya pa intaneti yomwe si yomwe mwasintha sikukwanira. Mukhoza kupereka code pamodzi ndi chipangizo, kapena kuikamo lonjezo lolembedwa, logwira ntchito zaka zosachepera zitatu, loti aliyense wofunsa adzapatsidwa. Mawu a malaisensi onse, ngakhale a MIT ndi BSD omwe anthu amawanyozera, ayende limodzi ndi katundu.

Mwina nkhawa yanu yaikulu njakuti kodi pulogalamu yanuyanu, yomwe mwaivutikira, nayo muyenera kuitulutsa. Nthawi zambiri ayi. Pulogalamu yomwe ikungoyenda pamwamba pa Linux n'kumalankhula ndi kernel kudzera m'ma system call, njira za nthawi zonse zopemphera ntchito kwa kernel, siisanduka ya GPL, ndipo zimenezi zinalembedwa momveka m'mafailo a laisensi ya kernel. Ma library (code yokonzedwa kale yoti mapulogalamu ena aziigwiritsa ntchito) a laisensi ya LGPL, monga glibc, mukhoza kuwagwiritsa ntchito m'pulogalamu yotseka bola wogula akhale ndi njira yosinthira library yo ndi ina, zomwe zimaphweka mukalumikiza mwa dynamic linking, pomwe library imakhala failo yapadera. Ngozi ili pa zinthu ziwiri: kukopera code ya GPL kapena kulumikiza library ya GPL m'kati mwa pulogalamu yanu, ndi kulemba driver yotseka yolowa mu kernel. Chachiwirichi ndi dera lija mlandu wa VMware unalisiya osaligamula. Langizo langa n'lakuti driver muitulutse pansi pa GPL, luso lomwe mukufuna kubisa muliike m'pulogalamu yapadera kunja kwa kernel. Yang'ananinso ngati muli ndi chilichonse cha GPL yachitatu, chifukwa pa zida zogulitsidwa kwa anthu wamba imafuna kuti mupereke njira yoti mwini chipangizo aikemo pulogalamu yomwe wasintha, ndipo zimenezi zimawombana ndi chipangizo chokhomedwa. Ngati muli ndi seva yomwe chipangizocho chimalankhula nayo, samalani ndi AGPL, yomwe imafuna kuti code yosinthidwa iperekedwe ngakhale kwa anthu ongogwiritsa ntchito pulogalamuyo kudzera pa intaneti.

Za ma patent, kampani yaing'ono siikhala chandamale choyamba, koma pa zinthu monga kanema, mawu ndi mawayilesi a foni pamakhala ma patent omwe laisensi ya open source siikupatsani. Funsani wokugulitsani chip kuti ndi ati omwe alipiridwa kale m'mtengo wake, ndipo onani ngati kulowa Open Invention Network kungakuthandizeni. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo lomwe lingakugwireni ndi la kumene mukugulitsa, choncho musanatumize katundu ku Germany kapena ku America pezani loya wodziwa za malaisensi a mapulogalamu awerenge ndandanda yanu ija.

Tsiku lina mukadzalandira imelo yopempha source code kapena yonena kuti mwaphwanya GPL, iyankheni msanga ndipo muyankhe mwaulemu. Mabungwe monga Free Software Foundation ndi Software Freedom Conservancy analemba poyera mu 2015 kuti khoti ndi njira yomaliza, ndipo milandu yambiri yomwe ndatchulayi inayamba ndi makalata omwe anakhala osayankhidwa kapena anayankhidwa mozemba kwa miyezi. Ikani adiresi ya imelo yolandirira mapempho oterewa m'kabuku ka chipangizo, musankhe munthu mmodzi woti aziiwerenga, ndipo musunge source code ya version iliyonse yomwe mwatulutsa, chifukwa wofunsayo adzafuna ya chipangizo chomwe ali nacho m'manja, ngakhale munasiya kuchipanga.